Za amishoni a ku Kongwe ndi denga la tchalitchi chathu

Lero nkhani ya feteleza tiyambe taiika pambali, ngakhale sinathe. Ndikufuna tikambe za mpingo. Ndi yaitali ndithu, ndiye amene bandulo yanu ili kumapeto mudzawerenge mawa.

Pali mawu amene afala kuno masiku ano, pa maliro, ku chigayo, ngakhale panja pa tchalitchi tikaweruka. Akuti nthawi ya amishoni zinthu zinkayenda chifukwa azungu ankatichitira zonse, sukulu, chipatala, tchalitchi, ife kwathu kunali kungolowa n'kukhala pansi. Amene amakonda kunena zimenezi ndi anthu a msinkhu wanga womwewu, oti amishoni oyambawo sitinawaone n'komwe. Ine ndikuti mawu amenewa ndi abodza, ndipo si bodza lamasewera ayi, latimanga manja.

Tiyambe ndi zimene zinachitikadi. Mishoni yoyamba ya a Dutch m'dziko muno inayambira m'boma lathu lomwe lino la Dowa, ku Mvera kwa Chiwere, mu November 1889. Anali azibambo awiri okha, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, ochokera ku South Africa. Mu 1894 Robert Blake anadzatsegula Kongwe, pakhomo pathu pompano, n'chifukwa chake sekondale ija imatchedwa dzina lake. Nkhoma inabwera pambuyo, mu 1896, ndipo likulu linachita kusamukira kumeneko kuchokera ku Mvera. Ndiye anzathu a ku Nkhoma asamatiyang'anire pansi, achisamba ndife a ku Dowa.

Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi, anabwera kudzakhala. Msewu kunalibe, kuchokera kunyanja kukwera mapiri ano unali ulendo wapansi kapena wa pa machila. Malungo anawatha ena, akazi ndi ana omwe, ndipo manda awo ali m'dziko mommuno, sanawanyamule kupita nawo kwawo. Anaphunzira chiyankhulo chathu mpaka kumalalikira popanda wotanthauzira. William Murray, amene anafika mu 1894, anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo kwa zaka ndi zaka, ina yake inagwiridwira pa phiri la Kaso ku Mvera, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Buku lomwelo ankawerenga agogo, likadali m'manja mwathu mpaka lero. Koma taganizani, kodi William Murray anabadwa akudziwa Chichewa? Mawu onsewo anachita kuwatola kwa anthu akuda amene ankakhala naye pansi, kumamuuza kuti apa bwana mwakhota, kwathu sitinena choncho.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Azungu okhala pa Kongwe anali owerengeka ndi zala. Midzi ya m'mapiri muno, kuyambira kuno kukafika ku Ntchisi, ndani angaiwerenge? Ndiye uthenga unkafika bwanji kuseri kwa phiri, kumene ngakhale lero kabaza amakana kupitako mvula ikagwa? Unkafika ndi mphunzitsi wa m'mudzi, mwana wa konkuno, wophunzira pang'ono chabe, mwina kuposa ine pang'onong'ono. Mfumu ndi anthu ake akafuna sukulu, ankadula okha mitengo, amayi kumweta udzu, kuphoma zipupa, kuzira pansi. Kanyumba komweko pakati pa sabata kanali sukulu, Lamulungu kanali tchalitchi. Mphunzitsi uja ndiye ankaphunzitsa a e i o u, yemweyo Katekisma kwa a m'kalasi, yemweyo kulalikira, yemweyo kuyendera odwala. Malipiro ake anali ongogulira mchere ndi nsalu, chakudya ankachita kulima yekha ngati ife tomwe. Mzungu ankatulukira mwa apo ndi apo kudzayesa a m'kalasi, kubatiza ndi kudyetsa Mgonero, mawa lake ulendo. Miyezi yonse yotsalayo mpingo unali m'manja mwa eni mudzi.

Amene munawerengako mabuku a Samuel Ntara, mphunzitsi wa m'boma lathu lino amene analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, mukudziwa kuti analembanso buku la mfumu Msyamboza wa ku Chibanzi. Munthu ameneyo sanakhale pakhonde kudikira kuti mzungu amubweretsere kanthu. Anaona kuti sukulu ndi yabwino, anaifuna pamudzi pake. Anaona mbewu zachilendo ngati tirigu, analima. Zimene anaziona kuti n'zothandiza anazitenga n'kuzisandutsa zake. Makolo athu amene analandira Chikhristu anali anthu otere, osati opemphetsa.

Musandimve ngati ndikuti amishoniwo anali angelo. Ayi ndithu. Mpingo umene unawatuma ndi womwe uja kwawo unadzavomereza tsankho la apartheid, ndipo fungo lake linkamveka ndi kuno komwe. Akuluakulu amene anagwirako ntchito pa mishoni ankasimba za kulowera khomo la kuseri ndi kuimirira panja chipewa chili m'manja. Tawerengani zaka, kuyambira 1889 mpaka 1925 pamene anadzoza abusa oyamba akuda, a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza. Ndi zaka 36 zimenezo. Zaka zonsezo munthu wakuda ankatha kulalikira, kutsegula sukulu, kuyenda mitunda ndi mitunda, koma kubatiza mwana ayi. Chingerezi nachonso ankachiumira m'sukulu za m'midzi, ankati ife zathu ndi khasu ndi ntchito zamanja, pamene anzathu a ku Livingstonia ndi ku Blantyre ankaphunzira mpaka kukhala makalaliki. Kutsalira kwa chigawo chapakati pa maphunziro kuli ndi mizu yake kumeneko.

Nanga za gule? Kuno ndi kwawo kwa gule, tisanamizane. Mkangano wa sukulu ya mishoni ndi dambwe unagawa mabanja, mwana kuno malume uko, ndipo mpaka lero maliro ena amachedwa kunyamuka chifukwa chokanganirana kuti mwini wake ndani, a mpingo kapena a kudambwe. Ine ndine wa mpingo, kudambwe sindipita. Koma ndimaona ndi maso angawa kuti mkhristu akamwalira, adzukulu amene amalawirira kukakumba manda ake ena mwa iwo ndi a gule omwewo. Amishoni anatiphunzitsa kuwakana, kukhala nawo pamudzi umodzi tinachita kudziphunzitsa tokha. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kuti muone kuti mpingo sunkaimira pa mzungu, tiyeni tiwoloke malire pang'ono, kupitirira Dedza, kulowa ku Angonia m'dziko la Mozambique. Amishoni omwewa anatsegula mishoni kumeneko yotchedwa Mphatso mu 1909. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo, azungu onse anachoka. Mwa nzeru za anthu a masiku ano, mpingo unayenera kufera pomwepo. Koma sunafe. Akhristu anapitiriza kupemphera okha ndi akulu a mpingo awo, akafuna ubatizo kapena Mgonero ankayenda wapansi kuwoloka malire kubwera ku mipingo ya kuno. Anakhala choncho zaka zambirimbiri, opanda mzungu, opanda thandizo, boma likuwayang'ana ndi diso lofiira. Lero mpingowo ulipo ndipo uli ndi abusa akeake.

Ndipo inu a m'tauni ndi a ku Joni, nkhani iyi ikukhudzani. Pamene azigogo athu ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, sanasiye mpingo pa mudzi ngati khasu. Ankasonkhana okha m'makomboni, mpaka mu 1912 Vlok yemwe uja wa ku Mvera anasamukira kumeneko kukawatumikira. Sinodi ya Harare ya CCAP inabadwa choncho, kuchokera kwa matchona. Mmishoni anachita kutsatira anthu, anthuwo ndiwo anatsogola.

Mu 1926 mpingo wa Nkhoma unalowa mu CCAP, ndipo mu 1962 a Dutch anapereka zonse m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma, masukulu, zipatala, nyumba, zonse. Dziko lisanalandire n'komwe ufulu wake wa 1964, mpingo unali utalandira kale. Padutsa zaka zoposa 60. Ambiri amene mukuwerenga pano munabadwa mpingo uli kale wathu. Tsono mzungu amene tikumudikirayu ndi uti?

Ndikufunsa chifukwa cha nyumba yathu ya mapemphero, mukuidziwa nonse. Njerwa tinaumba tokha, uvuni tinaotcha tokha, amayi anatunga madzi mpaka makosi kuuma. Zipupa zinafika pa bimu. Basi, panathera pomwepo. Mvula yadutsa kawiri pa zipupa zopanda denga, ndipo mbali ya kumvuma kwayamba mng'alu woti mwana n'kulowetsa dzanja. Ukafunsa pa msonkhano, yankho ndi limodzi, tidikire alendo aja, anati akatiganizira. Alendo ake ndi aja anabwera nthawi yozizira chaka chijachi, anakhala masabata awiri, anaimba ndi ana, anagawa mipira ndi maswiti, anajambula zithunzi zambirimbiri, tinawaphera nkhuku, anapita.

Sindikuwanyoza ayi, anali anthu aulemu, ndipo ena analira potsanzikana. Koma tisawatche amishoni mofanana ndi aja a ku Kongwe. Munthu wa masabata awiri sadziwa kuti mu February kuno timadya kamodzi, sadziwa amene ali wamasiye weniweni ndi amene wangovala sanza tsiku limenelo kuti ajambulidwe. Amadziwa munthu mmodzi yekha, womutanthauzira, ndipo chilichonse chimene angatumize chimadzera m'thumba la ameneyo. Ife tonse timangomva kuti anatumiza kapena sanatumize, osaona kalata. Mlendo ndi mame, akuluakulu ananena kale. Kwawonso ali ndi mavuto awo, matchalitchi ena ku Ulaya akutsekedwa chifukwa chosowa anthu, mpaka abusa ndi ansembe a ku Africa kuno ndi amene akupita kukatumikira kumeneko. Ife tili pano kuyang'ana kumsewu.

Choipa kwambiri n'chakuti kudikiraku kwatiphunzitsa khalidwe lonyansa. Galimoto yachilendo ikaima pa tchalitchi, aliyense amasanduka wosauka kuposa mnzake. Munthu woti ali ndi ng'ombe zinayi ndi ngolo amayankhula ngati wagona ndi njala. Ana athu akuona zimenezi, ndipo akuphunzira kuti mpingo ndi malo olandirirapo zinthu. Ena afika posamuka mpingo chifukwa uko kwabwera mabulangete. Mabulangete akatha, abwerera. Timipingo tina tangophuka ngati bowa, dzina lachingerezi lalitali pa chikwangwani, cholinga chake n'kukola mzungu pa Facebook basi.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe m'munsimu. Muti akulu inu mukuyankhula ngati simukudziwa mtengo wa malata, simukudziwa kuti thumba la feteleza lafika pati, soya mavenda anatibera pa sikelo, fodya ku okushoni anabwerera. Zoona zonsezo, inenso ndine mlimi, ndimalira nawo. Umphawi ulipo, si wongopeka. Koma funso langa ndi ili, kodi amene anamanga matchalitchi oyamba aja anali olemera kuposa ife? Anthu ovala nyanda ndi chikopa, osakira ndalama ya msonkho ku mtengatenga? Ife tili ndi mafoni, njinga zamoto, masola pa denga. Pa ukwati timaponya ndalama pa perekaniperekani mpaka usiku, kubwereka zokuzira mawu ku Mponela, osadikira mzungu. Pa chiliza timagula simenti matumba ndi matumba. Ndalama ya zimene tazikonda imapezeka.

Ndipo pali anthu amene sanayambe adikirapo mlendo, amayi a Chigwirizano. Chigwirizano chinayamba mu 1940, ndipo kuyambira pamenepo ndi amene anyamula mpingo pamutu ngati mtsuko. Wadwala munthu, iwo afika ndi kaufa m'mbale ndi nkhuni. Pagwa zovuta, iwo agona pa siwa usiku wonse akuimba, m'mawa aphika, masana anyamula nkhata. Abusa akabwera kudzadyetsa Mgonero, nkhuku ndi ya iwo. Alibe wowathandiza wa kunja, alibe galimoto, ndalama zawo ndi za tomato ndi zitumbuwa. Koma buku lawo la ndalama ndi lolongosoka kuposa la komiti ya zomangamanga, imene muli azibambo okhaokha. Anzathu a Katolika kumiphakati ndi chimodzimodzi, a Anglican ku Ntchisi chimodzimodzi, kulikonse ndi amayi. Azibambo timangodziwa kukhala kutsogolo ndi jekete.

Tsopano ndibwere kwa inu achimwene ndi achemwali a m'tauni, musakwiye. Kumeneko mumapemphera m'matchalitchi a matailosi, chakhumi mumapereka, pepa sande mumavina ndi ndalama m'manja, ena mumakathira kwa aneneri kuti akuuzeni amene akukulodzani, ndipo kawirikawiri wolodzayo amakhala wa kumudzi kuno, eti? Zanu zimenezo. Koma tsiku limene mpweya udzathe, sakakuikani ku Area 18 nonse ayi. Ambiri mudzabwera kuno pa lole, bokosi lonyezimira, ndipo achibale adzatulutsa kalata ya mpingo kuti mwambo ukhale wachikhristu. Adzakuimbireni usiku wonse ndi amayi omwe aja. Adzalalikire ndi mkulu wa mpingo wa kuno, wobwera pa njinga yakapalasa. A kwaya ya m'tauni adzaimba nyimbo ziwiri, kudya, kukwera basi dzuwa lisanalowe. Otsala ndi ana anu amasiye ndi mayi anu okalamba ndi mpingo uno, wopanda dengawu.

Ndiye sindikupempha chifundo ayi, ndikukukumbutsani ngongole. Munaphunzira kuwerenga pansi pa mtengo wa pa tchalitchi pano. Ena munadutsa pa Robert Blake ndi ndalama ya fodya wa bambo anu ndi mapemphero a amayi a Chigwirizano, lero muli m'maofesi. Ngati pali amishoni oti atumize thandizo ku mudzi uno, ndinu. Chiyankhulo mukuchidziwa, wamasiye weniweni mukumudziwa, wakuba mukumudziwanso, ndipo simufunika ndege. Lata limodzi pa munthu, kapena awiri kwa amene Mulungu wakudalitsani, pa Airtel Money kapena Mpamba, nkhani yatha.

Koma apa ndiyeneranso kuwayankhulira a m'tauniwa, chifukwa ena anandiuza m'maso muli gwa kuti tinatumizapo kale, zinapita kuti? Funso limenelo ndi loona ndipo lisatikwiyitse. Ndalama ya mpingo ikamasungidwa m'thumba la jekete la munthu mmodzi, imasanduka ngongole ya feteleza, kenako imasanduka nkhani yoti tisaikambe pagulu tingachititse manyazi akuluakulu. Ulemu woterewu ndi umene watidyera zambiri. Pa chinthu ichi amishoni aja tiwatsanzire ndithu, ankalemba chilichonse m'buku, ngakhale kobiri limodzi. Ife tikufuna munthu atumize ndalama kuchokera ku Johannesburg, kumene akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi n'kumathawa apolisi, koma osamuonetsa ngakhale lisiti. Sizoona zimenezo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikawanenanso pa msonkhano kuti asati ndimangolankhulira pa foni. Ndalama ya denga isungidwe ndi anthu atatu, awiri akhale amayi a Chigwirizano. Chilichonse cholowa chiwerengedwe m'tchalitchi Lamulungu lililonse, dzina ndi ndalama yake, ndipo tsamba la bukulo lijambulidwe n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp kuti wa ku Joni aone yekha. Amene safuna kutuma ndalama agule lata kapena misomali atumize pa minibasi, tikalandirira pa Dowa boma. Ife a kumudzi, nthawi ya masika banja lililonse ndowa imodzi ya soya kapena mtedza, tigulitse pamodzi kwa wogula mmodzi, osati kwa mavenda a sikelo zonyenga aja. Mitengo ya mapaso isachokere m'nkhalango ya Kongwe, tisachite tchimo pomanga nyumba ya Mulungu. Pali anthu kuno ali ndi bulugamu wokhwima m'minda, ine ndemwe ndipereka mitengo 5, ndalemba pano kuti mudzandigwire nazo pakamwa.

Alendo aja akadzabweranso tidzawalandira bwino lomwe, nkhuku tidzapha, ndipo akadzafuna kuthandiza adzawonjezere mabenchi kapena mawindo pa nyumba yofolera kale. Akafuna kukhala, akhale chaka chathunthu, alime nafe kamunda, aone February, aphunzire kupereka moni kwa apongozi. Pamenepo tidzawatcha amishoni.

Loweruka likubwerali tikukumana pa tchalitchi 7 koloko m'mawa kuti mmisiri aone mng'alu uja ngati chipupa chingapirire kapena tigwetse mbali imeneyo. Bwerani ndi makasu ndi ndowa, mchenga tikatuta kudambo. Achinyamata a kwaya, nanunso tikuoneni, osamangotulukira pa nthawi ya mayunifolomu. A m'tauni amene mwakwiya, lembani m'munsimu, ndiyankha madzulo ndikatchaja foni.